Leka Kundiwerengera Mitanda, Pita Kusukulu

Esinati mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa nachesi kuseri kwa nyumba, iwe uli kotsanzika kwa azakhali ako, ndiye ndati ndilembe zimene pakamwa zikundikanika. Sikuti mawu ndilibe ayi, umandidziwa. Koma ndikangoyamba kulankhula umandidula ndi manambala ako, mapeto ake timangokangana za mbatata. Papepala pano sundidula. Uwerenge mpaka kumapeto, ndipo usandikwinyire nkhope ngati mmene umachitira ndikapempha shuga wa mu tiyi.

Dzulo tikutsuka mbale unanena mawu amene andisowetsa mtendere. Unati, "Amayi, mwina ndilembere kusukuluko kuti andisungire malo, ndidzapite chaka chamawa. Ndikachoka ine, inu azikuyang'anirani ndani?" Iwe Esinati, mutu wako ukuyenda bwino? Ndi atsikana angati m'mapiri a Dambe muno amene anaitanidwapo kusukulu ya unamwino? Malowo akusungire ndani, ukuyesa ndi benchi ya m'tchalitchi yoti ungoyalapo chitenje? Lole ya mbatatesi inyamuka mawa m'mawa. Dalaivala ndalankhula naye kale, akakutsitsa pamsewu waukulu pokwerera basi ya ku Blantyre. Lole imeneyo ukwera. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo ine sindinabereke mwana woti imvi zidzamupeze akuyeza nsima ya mayi ake.

Chimene ukuopa ndikuchidziwa. Unalipo tsiku lija dzanja langa lamanzere linachita dzanzi, pakamwa nkupotoka. Unawamva adokotala a pachipatala chathu chaching'ono akunena kuti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zagwirana manja, thupi ili likapanda kuchepa tsiku lina ndidzagwa osadzukanso. Nanenso ndinamva, makutu anga sanachite nawo dzanzi. Koma kuyambira tsiku limenelo wandisandutsa mkaidi m'nyumba yanga yomwe. Anamwino a pachipatalapo, aja ochokera kumpoto, anakupatsa kabuku ka makalori, timanambala tonena mphamvu imene ili m'chakudya chilichonse, ndipo iwe unakalandira ndi manja awiri ngati Baibulo. M'kabukumo muli tchizi, muli soseji, muli zipatso zimene ngakhale maina ake sindingathe kuwatchula. Futali mulibemo. Thobwa mulibemo. Ndinakufunsa kuti nanga mbewa imodzi yowamba ili ndi makalori angati, unakwiya, nkumati ndikuchita zachibwana ndi moyo wanga. Linali funso lenileni, ine mbewa ndimadya.

Ndiye unalamula kuti mitanda iwiri ya nsima ya mgaiwa, basi. Ndinamvera. Kodi unanena kukula kwake kwa mitandayo? Sunanene. Ndinakabwereka chipande chachikulu cha pamaliro kwa aNangozo, mnzanga wa tsidya lija, ndipo mitanda inali iwiri ndithu monga mwa lamulo lako. Utazindikira unachibisa pa denga la nkhokwe. Ndikudziwa pamene chili, ndangokusiya kuti uzisangalala. Unayambanso kundinunkhiza m'manja ndikachokera kumsika, kufuna kumva fungo la mandasi. Ine mayi ako, amene ndinakupukuta mamina, lero ndizikununkhizitsa zala ngati mwana wakuba m'mphika! Ndatopa nawe, Esinati. Ndimakukonda mpaka mtima kuwawa, koma ndatopa nawe.

Ndipo chondikwiyitsa kwambiri nchakuti ukulondera khomo lolakwika. Iwe ukuganiza kuti mdani wanga ndi mimba yangayi. Mimba ndi mdani wamng'ono, ndinaigonjetsapo kangapo iwe usanadziwe ndi komwe kuwerenga. Thupi ili lakhala likukwera ndi kutsika zaka zonsezi, ndipo telala wa pa Neno anafika pomandifunsa moseka kuti, "Lero tikukulitsa kapena tikuchepetsa, mayi?" Nkhani zake sindinakuuzepo bwinobwino. Khala pansi umve.

Koyamba iwe unali kubere. Nditakubereka thupi linangobwera lokha, anthu nkumati, "Ee, Nachisale, ukwati wakuyanjatu! Aphunzitsi akudziwa kusamala." Bambo ako ankayenda motukumula chifuwa ngati anandiumba ndi iwo. Koma miyendo inkatupa, mutu unkawawa kunkhongo kuno, ndipo dokotala wa nthawi imeneyo anandiuza kuti ndichepetse chakudya, mchere ndiusiye. Ndinamvera, koma sindinauze munthu, ngakhale bambo ako amene. Ndinkachita manyazi. Mkazi wa mphunzitsi, nkhokwe yodzaza, nkumauza anthu kuti andiletsa kudya? Ndiye ndinkaphika ndiwo zopanda mchere, ndikapakula zanga nkumuuza mchemwali wanga kuti athire mchere mu zotsalazo. Mwambo wathu ukuudziwa: mkazi akamapewa kuthira mchere ndiye kuti ali kumwezi, apo ayi m'nyumbamo muli china chosalongosoka. Nanga kumwezi kwa miyezi itatu kuliko? Kuwonjezera apo ndinayamba kuwonda, chifuwa cha nyengo yozizira nkundigwiranso. Agogo ako sanachedwe kupeza yankho. Anati ndi tsempho, bambo ako ayenda ndi mkazi wina ndipo abweretsa matenda m'nyumba.

Amalume anga anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Bambo ako, munthu woti ngakhale nkhuku ya eni sankaiyang'ana kawiri, anawakhazika pamphasa ngati wakuba mbuzi.

"Aphunzitsi, tiuzeni dzina la mkaziyo, tifune mankhwala mwana wathuyu asanatisiye," anatero amalume.

Bambo ako anangoti, "Ine kupatula kusukulu ndi kutchalitchi ndimapitanso kuti kodi?"

Apo mpamene ndinatsegula pakamwa nkunena za dokotala uja. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Ukumubisa mwamuna wako iwe. Dokotala wanji woletsa munthu kudya?"

Panalibe umboni wina wowayeretsa bambo ako koma thupi langa lomweli. Ndiye ndinadya, mwana wanga. Ndinadya futali, ndinadya nkhumba, ndiwo zotendera zamchere wake, ndikudyera pabwalo dala kuti agogo ako aziona. Pofika nthawi yokolola ndinali nditapitirira pamene ndinayambira, ndipo mlandu unatha wokha. Bambo ako anayera, ine miyendo inayambanso kutupa. Ndiye mvera: chinthu chikakhala cha thupi lako, nena msanga, nena wekha, anthu asanakupekere nkhani yawo. Ukakadwala kusukuluko usakagone nazo m'bulangete chifukwa cha manyazi. Ndikananena tsiku loyamba lomwelo, bambo ako sakanakhala pamphasa ija.

Kachiwiri ndinadzipusitsa ndekha, ndipo ndime iyi usakawerengere anzako a m'chipinda, masiku ano munthu sudziwa amene wagona naye pafupi. Uthenga unabwera kuti mtsogoleri wa dziko adzayendera mbewu m'boma lathu, amayi tonse tikavine ku Mwanza. Nsalu ya chipani tinagula yoyezedwa mofanana, wamkulu thupi ndi wamng'ono yemwe. Telala uja anandizunguliza tepi, nkuyang'ana nsalu, nkundiyang'ananso ine. "Mayi, apa pakufunika nsalu ina theka, apo ayi inuyo muchepe." Nsalu ina inali itatha, ndipo amayi apampando anali atanena kale kuti ndidzakhala mzere wakutsogolo chifukwa cha mawu anga, paja ukaipa dziwa nyimbo. Ndiye ndinasankha kuchepa. Kwa milungu ingapo chakudya changa chinali manachesi ndi tiyi wopanda kanthu, uku tikuyeserera magule masana onse. Diresi inalowa. Ndinadziona pagalasi la telala nkudzimva utsikana.

Tsikulo ku Mwanza dzuwa linali likuswa mtengo, osati kamphepo kathu ka kumapiri kuno, ndipo tinaima kuyambira m'mawa. Nyimbo ili pakati ndinangoona mdima, nkugwa chagada, mzere wakutsogolo, pamaso pa akuluakulu onse. Ndinatsitsimukira pamthunzi wa lole, mnyamata wa malaya ofiira atandiimirira. Sanafunse ngati ndili bwino. Anati, "Mayi, mwagwa dala eti? Simukufuna kuvina? Amuna anu ndi aphunzitsi aja?" Esinati, mantha amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitepo ngakhale pobereka. Anatipulumutsa ndi amayi apampando, amene anaikira umboni kuti ndinali ndi malungo. Bambo ako tulo tinawasowa mwezi wathunthu, galimoto ikangolira kumsewu ankadzuka nkuvala nsapato. Ine nditafika kunyumba ndinakazinga mbatatesi poto wathunthu nkudya ndili chiimire. Thupi ukalimana limasunga chakukhosi. Mafuta amene ndinawathamangitsa anabwerera atatengana ndi abale awo, ndipo diresi ija anamaliza kuvala ndi mchemwali wanga.

Nkhani imeneyi sindikuikamba yongosekera. Ndakuona, usaganize kuti sindikuona. Umati wadyera kale kukhitchini, pamene galu wathu wanenepa kuposa agalu onse a m'mudzi muno. Makalori aja wayamba kudziwerengera wekha, ukuopa kudzakhala ngati ine. Mwana wanga, thupi la kwathu ndi lalikulu. Agogo ako anali otero, ine ndine wotero, ndipo chiuno chakocho sichinabwerekedwe kwa anthu ena. Sindikuti uzidya ngati ine, ayi, usadzafike pamene ndafika ine. Koma kudzimana mpaka kuona mdima ndi njira yachidule yofikira pomwepo, ndaiyenda ndekha. Kusukuluko akakakupatsa nyemba ndi nsima, udye, ukhute pang'ono, udzuke uzipita. Namwino wanjala amabaya jakisoni pamalo olakwika. Ndipo lole ija ukwera utadya phala, ndidzaimirira pomwepo mpaka mbale iyere.

Za mankhwala a mizu amene ndinagula pa Zalewa kwa bambo wina wa chipewa cha nthenga sindikufuna kuzitchula nkomwe. Anati amasungunula mafuta. Chimene anasungunula ndi ulemu wanga, Lamulungu lina ulaliki uli pakati, ndipo chimbudzi cha patchalitchi ukudziwa kutalika kwake. Munthu akakuuza kuti ali ndi mankhwala othetsa chinthu m'masiku ochepa, uyambe wamufunsa ngati mkazi wake anamwapo.

Mwina ukufunsa kuti nanga bwanji zaka zonsezi sindinangowauza anthu poyera kuti ndikufuna kuchepa thupi. Uwauza bwanji? Kwathu kuno kunenepa ndi madalitso. Mlendo akabwera osadya, mwininyumba amagona ndi chisoni, ndipo ukakana thobwa la munthu ndiye kuti wamutcha mfiti. Pamwamba pa zimenezo, tsika ku Chifunga ukaone anthu othawa nkhondo ku Mozambiki, ana awo nthiti zoti nkuwerenga uli patali. Tsiku lina ndinapita kumeneko ndi amayi a kumpingo kukasiya zovala. Mayi wina anandigwira mkono, nkumausisita, nkunena kuti, "Inu ndiye Mulungu anakukondani." Ndikanamuyankha chiyani? Kuti mayi, vuto langa ine ndi chakudya chochuluka? Ndinangoti zikomo, nkubwerera kunyumba ndi manyazi anga.

Ndiye pamene uzidzavala yunifolomu yoyera, mayi wonenepa ngati ine atakhala patsogolo pako, usadzangomuponyera kabuku ka tchizi nkumukalipira. Mufunse amadya ndi yani, mbale imodzi amazungulira anthu angati, pamaliro ndi paukwati amakana bwanji, apongozi ake adzati chiyani akamuona akuchepa. Makalori amawerengeka munthu akamadya yekha ngati mzungu. Ife timapisa manja m'mbale imodzi, ndipo palibe amene amadziwa kuti mbamu yake yachingati ndi iti. Anamwino ako aja ndi munthu wabwino, koma sanandifunsepo ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa.

Tsopano kotsiriza, kumene kunandipweteka kuposa konse. Bambo ako atatisiya ndi chibayo chija, atanyowa ndi mvula panjinga pochokera kuboma, mpamene anandipeza ndi shuga. Iwe unali kusekondale yogonera konko. Nthawi imeneyo ndinachita zinthu mwanzeru, wopanda kabuku, wopanda mlonda. Ndinachepetsa nsima pang'onopang'ono, ndinachulukitsa masamba, tiyi ndinazolowera kumwa wowawa, kumunda wa tirigu ndinkapita wapansi tsiku lililonse. Thupi linatsika mwaulemu wake. Mawondo analeka kulira, usiku ndinkagona osadzukadzuka kukataya madzi. Ndinali bwino, Esinati, bwino kuposa zaka zonse za ukwati wanga.

Koma walira mvula walira matope. Inali nthawi yomwe matenda atsopanowa anayamba kumveka, amene anthu amangowanong'ona kuti kaliwondewonde. Mkazi wamasiye akuwonda, mwamuna wake anamwalira akutsokomola. Unafunikanso umboni wina? Zitumbuwa zimene ndinkagulitsa pageti la sukulu zinayamba kubwerera zonse m'beseni, ana atauzidwa kwawo kuti asamagule. Ndikamadutsa pachitsime nkhani inkaduka. Ndiye panagwa maliro kumtunda uko. Ukudziwa kuti pamaliro mthiko waukulu unali wanga, palibe mayi m'dera lino amene ankavundula mphika wa anthu ambiri ngati ine. Nditangogwira mthikowo, mayi wina anabwera mwaulemu wake nkuulanda m'manja mwanga. "Pumulani amayi, mukuoneka ofooka. Khalani pamthunzi apo." Madzi akumwa anandipatsira m'kapu imene anaimanga kachingwe pachogwirira, kuti isasokonezeke ndi zinzake. Ndinamwa, nkuthokoza. Ndinapirira zonsezo, ndinkati alankhula atopa.

Kenaka sukulu inatsekera. Ndinakwera chitunda chonse cha kumsewu kukakuchingamira, osapumira panjira ngakhale kamodzi, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire iwe. Ndinkafuna uone. Unatsika lole, nkundiyang'ana, chikwama nkugwa pansi. Unalira pamsewu pomwepo, anthu akuona. "Amayi, chachitika nchiyani? Mukundibisira chiyani? Nanunso mukufuna kundisiya?" Ndinakuuza kuti ndili bwino, sunakhulupirire. Holide yonse unkandiyang'ana m'mbali ngati ukuwerenga masiku anga, ukumandiphikira phala la nsinjiro ndi kundikakamiza kumaliza. Mwina waiwala, iwe amene lero ukundibisira chipande. Sindikukuimba mlandu, unali mwana woti wangoika kumene bambo ake m'manda. Koma pakamwa pa mudzi wonse ndinapalimba, misozi yako ndi imene inandigonjetsa. Ndinayamba kudya kuti uleke kuopa. Pobwerera kusukulu unali ukuseka, mthiko wa pamaliro unabwerera m'manja mwanga, kapu ya kachingwe sindinaionenso. Ndipo thupi linapitiriza kukwera mpaka tsiku la dzanzi lija.

Waona tsopano? Ukhoza kukhala pano zaka khumi ukundiyezera mitanda, ndidzawonda ndithu, koma tsiku limene anthu adzayambenso kunong'ona, kabuku kako sikadzandithandiza. Ndiye ndachita chinthu chimene ndinayenera kuchita iwe uli kubere. Lachinayi lapitali, iwe uli kuchigayo, ndinapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Itatha nyimbo yotsekera ndinaimirira.

Ndinati, "Amayi anzanga, ndili ndi mawu. Ine ndimadwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Adokotala akuti ndikapanda kuchepa thupi ndifa. Ndiye kuyambira lero muziona ndikuwonda. Si tsempho, mwamuna ndilibe. Palibe wandilodza. Si matenda enawo, ndipo amene akukayika tiyeni limodzi kuchipatala akamve yekha. Ndikuwonda dala, ndikufuna ndidzaone mwana wanga atavala zoyera. Ndikabwera kwanu, musandiphere nkhuku."

Kenaka gogo wina wa kumapeto kwa benchi anati, "Ndiye tikakupatsani thobwa mukana?"

"Ndikana, agogo."

"Mwanotu umenewo."

Apo aNangozo anadzuka. Ukuwadziwa, owonda ngati bango koma kudya ngati aganyu. Anati, "Palibe mwano apa. Thobwa la aNachisale muzindipatsa ine, nkhuku yawonso ine ndilipo. Tiziyendera limodzi, iwo azipereka moni, ine ndizidya." Amayi anaseka mpaka ena kupukuta misozi ndi zitenje. Potuluka, mayi yemwe uja anandilanda mthiko pamaliro anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti nayenso adokotala anamuuza zomwezo chaka chatha, koma amaopa kunena. Taona nkhani zake! Tonse takhala tikufa ndi ulemu, aliyense m'nyumba mwake.

Ndiye funso lako lija lakuti azindiyang'anira ndani layankhidwa. ANangozo avomera kuti masana tizidyera limodzi, ndipo munthu wodya nawo mbale imodzi sanenepa, dzanja lawo ndi lachangu. Avomeranso kundiperekeza kusikelo ya kuchipatala mwezi ndi mwezi. Mapiritsi ndimwa. Mgaiwa wako ndidya, ngakhale umandikumbutsa chakudya cha akaidi. Kabuku ka makalori utenge, kakakuthandize pa mayeso, kuno kangomalizidwa ndi chiswe. Sindikulonjeza kuti sindidzaphonya. Mwana wa aNangozo akukwatiwa mwezi wa mawa, ndipo paukwati umenewo ndidzadya mpunga ndi nyama yambuzi, ndikukuuziratu kuti usadzamve kwa ena. Koma m'mawa mwake ndidzabwerera pa mitanda yanga iwiri, ya chipande chaching'ono. Kale ndikaphonya tsiku limodzi ndinkati basi zonse zawonongeka, nkudya mwezi wathunthu mokwiya. Nzeru imeneyo ndaisiya, ndipo iwenso usakaitengere kusukulu: ukakalephera mayeso amodzi usakamange katundu.

Zina ndi zazing'ono koma uzimvere. Khadi ya chipani ndaiika m'thumba lam'kati la chikwama chako, usaitaye, anyamata a padepoti sangakulole kukwera basi popanda imeneyo. Siketi yabuluu ija ndaitsitsa mpendero, inali ikusewera ndi mawondo, ndipo m'tauni apolisi sachedwa. Bulangete ndakupatsa la bambo ako. M'kathumba ka pamwamba muli mbatatesi yophika ndi manachesi a mumtengo uno, ugawireko amene ukhale naye pampando. Anyamata a m'tauni akakakuuza kuti ukanakhala wokongola ukanachepa pang'ono, kapena ukananenepa pang'ono, uwauze kuti akaumbe wawo ndi dothi. Uzilemba makalata, koma kalata yoyamba ndi mawu akuti "Amayi, mwadya chiyani lero" sindidzaiyankha. Undiuze za kumeneko, za aphunzitsi ako, za magetsi, za odwala amene wawagwira dzanja. Ndipo usayerekeze kutsika lole panjira nkubwerera kuno ndi nkhani yakuti mtima sunakulole. Ndidzakubweza ndi mthiko.

Chotsala ndi chimodzi, ndipo ndi chokhacho chimene ndikukupempha. Pa Khirisimasi ukadzabwera, ndidzakwera chitunda chija kudzakuchingamira. Ngati Mulungu alola, udzapeza khosi langa litatalika, masaya atalowa, diresi ikukhwepa m'mapewa. Udzaona mayi wooneka wokalamba kuposa amene ukumusiya mawa, chifukwa khungu la msinkhu wanga silibwerera. Mtima wako udzadumpha, ndikudziwa. Ugwire chikwama chako zolimba, Esinati, ndipo usalire.

Nthawi zonse zimene ndawonda m'moyo wanga, mawu amene ndalandira ndi amodzi okha: pepani. Pepani amayi, mwadwala. Pepani, chakuvutani nchiyani? Ndinamenya nkhondo ndi mimba yanga miyezi ndi miyezi, ndekhandekha, ndikununkhiza nyama ya anzanga, ndipo malipiro ake anali chipepeso ngati ndaferedwa. Palibe munthu ndi mmodzi yemwe, ngakhale bambo ako amene ankandikonda, amene anandiyang'anapo nkunena kuti, "Nachisale, mwachita bwino." Ndakalamba, koma mawu amenewo ndikuwafunabe, ndipo sindichita nawo manyazi. Sungawanene uli pano, ukundiona tsiku ndi tsiku ndi maso a mlonda. Ayenera kuchokera kwa munthu wotsika lole, wochokera kutali, wodziwa za thupi la munthu, woti akanena mudzi wonse umve nkukhulupirira. Ndiye pita ukaphunzire, udzabwere udzandiuze pamsewu pomwepo, mokweza, anthu onse ali pomwepo.

Ndikumva mawu ako kumpanda, wabwerako kwa azakhali. Ndipinde pepalali usanandifunse kuti masana ndadya chiyani.

Ndine mayi ako wotopa nawe, wokukonda,
Nachisale